Chotupa chabwerera kapena ndi chipsera? Zomwe ndinadutsamo pojambulidwa PET ya ubongo

Tsiku limene adokotala anatembenuza kompyuta yawo kuti ndione, sindinafunike kuuzidwa pamene panali vuto. M'mphepete mwa dzenje lomwe linatsala atandichotsa chotupa, kumanzere kwa ubongo, panali kadontho koyera mbee, kukula ngati chikhadabo cha chala chaching'ono. Miyezi 3 m'mbuyomo pamalo pomwepo panalibe kanthu. Akazi anga anandigwira bondo. Ine ndinali ndi funso limodzi lokha: "Adokotala, chabwerera?"

Iwo anati, "Bambo, chithunzi ichi pachokha sichingatiuze. Chikhoza kukhala chotupa, likhozanso kukhala bala la chithandizo chimene munalandira."

Ndinakwiya chamumtima. Ndinkakhulupirira kuti makina a MRI amaona chilichonse, ndipo dokotala akati sakudziwa ndiye kuti akubisa mawu. Sankabisa. Ndinazimvetsa patapita masabata angapo, ndipo ndikulemba izi poganizira wina amene mawa adzakhale pampando ngati umene ndinakhalapo, maso ali pa kadontho kake.

Matenda anga anayamba ndili ndi zaka 41. Ndinangogwa pansi n'kuyamba kuphiriphitha, ine amene chibadwire sindinadwalepo khunyu. Atandijambula anapeza chotupa. Pa opaleshoni anachotsa chimene chikanatheka kuchotsedwa popanda kukhudza malo olamulira kulankhula, ndipo atapima kanyama komwe anachotsako anati ndi astrocytoma ya giredi 3, ya mtundu wokhala ndi kusintha pa jini yotchedwa IDH. Kuchokera pamene bungwe la WHO linakonzanso mndandanda wa zotupa za muubongo mu 2021, dzina la chotupa limadalira kwambiri majini ake, choncho timawu ngati IDH mukationa papepala lanu musatilumphe. Kenaka ndinawotchedwa ndi cheza, chithandizo chimene kuchipatala amati radiotherapy, maulendo 33, Lolemba mpaka Lachisanu, nkhope ili m'chigoba cholimba. Pambuyo pake ndinayamba kumwa makapisozi a temozolomide, mankhwala olimbana ndi khansa, masiku 5 pa masiku 28 aliwonse. Kadontho kaja kanatulukira patatha miyezi 7 chitsirizireni kuwotcha.

Chimene chimasokoneza MRI ndi ichi. Ubongo uli ndi linga lake. Timitsempha ta magazi ta muubongo n'tomatidwa kwambiri moti zinthu zambiri zoyenda m'magazi sizilowa. Mankhwala amene amakubayani pojambula MRI, a gadolinium aja, nawonso salowa pokhapokha pamene lingalo lagumuka. Pogumukapo amatayikira mkati, ndiye pamaoneka poyera pachithunzi. Chotupa cholusa chimagumula linga. Koma cheza nachonso chimagumula: chimavulaza timitsempha, nthawi zina chimapha kagawo ka ubongo, ndipo bala limeneli likhoza kuonekera patatha miyezi, mwinanso zaka. Walira mvula walira matope. Kuyera kwa pa MRI kumangonena kuti pano linga lagumuka. Amene waligumula sikumutchula.

Adokotala anati tikhoza kudikira miyezi 2 n'kujambulanso, kakakula tidziwa. Koma chikanakhala chotupa, miyezi imeneyo ndikanaitaya ndikumwa mankhwala amene asiya kugwira ntchito. Akanathanso kutsegula mutu kachiwiri n'kutapa kanyama, kungoti kadonthoko kanali pafupi ndi malo a mawu aja, ndipo ine ndine mphunzitsi, pakamwa ndiye khasu langa. Anayesa MRI ya mtundu wina, yoyeza kuchuluka kwa magazi oyenda pamalopo, koma zotsatira zake zinali zapakatikati. Apa m'pamene anatchula kajambulidwe kena kotchedwa PET.

Pamwamba pa pepala limene anandipatsa panalembedwa kuti nuclear medicine. Mayi anga atamva mawu oti nyukiliya anagwira pakamwa, poti iwo mawuwa amawadziwira ku mabomba. Nanenso mtima unali m'mwamba, mpaka pamene mnyamata wina wogwira ntchito kumeneko anandifotokozera modekha, akujambulajambula kuseri kwa envulopu. X-ray ndi CT zimakuwombani ndi cheza kuchokera kunja. Pa PET cheza chimachokera mwa inu. Amatenga kanthu kamene maselo amakonda kumeza n'kukamangirira ka atomu kosakhazikika, kamene kamasweka kokha pakapita nthawi. Posweka kamataya kanthu kotchedwa positron, kamene sikapita patali: kamagundana ndi kanthu kena kakang'ono ka mu atomu yapafupi kotchedwa electron, ziwirizo n'kutheratu pomwepo, kusanduka timiyuni tiwiri tosaoneka ndi maso tothawira mbali zosiyana, kena uku kena uko. Makinawo ndi mphete ya maso ambirimbiri yozungulira mutu. Maso awiri openyana akaona kuwala nthawi imodzi, kompyuta imadziwa kuti chinachake chachitika pa mzere wolumikiza awiriwo, ndipo mizere mamiliyoni ikapingasana pamatuluka mapu oonetsa pamene mankhwala aunjikana. Mnyamatayo anamaliza ndi mawu amene sindinawaiwale: "MRI imafunsa kuti pakuoneka bwanji. Ife timafunsa kuti pakudya kapena ayi."

Usiku umenewo ndinakhala pa intaneti mpaka maso kuwawa, ndipo ndinatulukako ndi nzeru zatheka, zomwe n'zoopsa kuposa umbuli. Ndinawerenga kuti PET imagwiritsa ntchito shuga wotchedwa FDG, popeza maselo a khansa ndi adyera pa shuga, chinthu chimene wasayansi wa ku Germany, Otto Warburg, anachiona m'zaka za m'ma 1920. Zimenezo n'zoona, ndipo FDG ndiye amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa khansa za m'mapapo, za m'matumbo ndi zina zambiri. Ngakhale pamene FDG anayesedwa koyamba pa munthu, mu 1976 ku University of Pennsylvania, anajambula ubongo womwewu. Koma pa zotupa za muubongo shugayu ali ndi vuto lalikulu. Ubongo ndi pafupifupi 2 peresenti ya kulemera kwa thupi, komabe umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zonse, ndipo chakudya chake ndi shuga. Mukabaya FDG ubongo wonse umawala. Kufunafuna kachotupa kakang'ono mmenemo kuli ngati kufunafuna kandulo yoyaka masana dzuwa likuswa mtengo.

N'chifukwa chake ine anandilembera mankhwala ena, otchedwa FET. Amenewa si shuga, ndi mtundu wa amino acid, tinjerwa timene thupi limamangira mapuloteni. Ubongo wabwinobwino umatenga tochepa. Maselo a chotupa ali ndi zitseko zambiri zolowetsera tinjerwati, ndiye amatenga tambiri, ndipo kandulo ija imakhala ngati yayatsidwa usiku. Ubwino wina ngwakuti mankhwalawa sadikira linga kugumuka, amalowera pazitseko zawozo, choncho amatha kuonetsa mbali za chotupa zimene pa MRI siziyera n'komwe. Palinso abale ake awiri, FDOPA ndi methionine. Mu 2016 magulu a akatswiri a RANO ndi EANO anatulutsa malangizo osonyeza kuti pa funso ngati langali, losiyanitsa chotupa chobwerera ndi bala la chithandizo, mankhwala a amino acid amaposa FDG. Sikuti amapezeka paliponse pamene pali makina a PET, ndiye ngati akulemberani PET ya ubongo, funsani dzina la mankhwala amene adzakubayeni. PET si imodzi.

Tsopano ndiulule kupusa kwanga. Nditamva kuti anga si a shuga, ndinadziweruzira ndekha kuti lamulo loti usadye likukhudza a FDG okha. Pepala linanena momveka bwino kuseri kwake, koma kuseri sindinawerenge. M'mawa wa tsikulo ndinadya kadzutsa wanga bwinobwino. Anesi atandifunsa kuti, "Bambo, mwadya komaliza nthawi yanji?" ndinayankha monyadira kuti ola lapitalo, poti mankhwala anga si a shuga. Anaika cholembera pansi. Chakudya chilichonse chokhala ndi mapuloteni chimadzaza magazi ndi tinjerwa tomwe tija, timene timalimbirana zitseko ndi mankhwala, ndipo chithunzi chikhoza kunama. Pamafunika maola osachepera 4 osadya kanthu, madzi okha.

Ndinati, "Ndiye ndidikire maola 4, sindikupita kulikonse." Apa m'pamene ndinaphunzira chinthu chimene chimalamulira chilichonse m'chipinda chimenecho, chomwe ndi wotchi. Ka atomu kamene kamamangiriridwa pa FET ndi fluorine-18, ndipo mphamvu yake imatsika ndi theka pa mphindi 110 zilizonse, kaya mwabayidwa kaya ali m'botolo. Mankhwala anga anapangidwa m'mawa womwewo m'makina otchedwa cyclotron, n'kuwabweretsa mothamanga. Pakutha pa maola 4 sipakanatsala ngakhale gawo limodzi mwa magawo 4. Methionine ndiye woposa: ali ndi carbon-11, amene theka lake limatha pa mphindi 20, moti amangogwiritsidwa ntchito pamene cyclotron ili pafupi pomwepo. Mankhwala awa sasungidwa pashelefu. Anga anatayika, ndipo tsiku lina lotseguka linali patatha masiku 9.

Masiku 9 amenewo sindiwafunira munthu. Mutu ukangoti wawa pang'ono ndimati chikukula. Ndikasowa liwu pakati pa chiganizo ndimati chafika pa malo a mawu. Akazi anga sanandidzudzule ngakhale kamodzi, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa kukalipa.

Ulendo wachiwiri ndinafika mimba ili pululu, nditamwa madzi ndi mapiritsi anga oletsa kugwa basi. Za mapiritsiwo ndinafunsiratu, ndipo anati ndisalumphe ngakhale limodzi. Anandifunsa ngati ndagwa masiku apafupi, chifukwa malo amene angochita khunyu akhoza kuwala pachithunzi ngati chotupa. Anafunsa za dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa aja, anafunsa tsiku limene ndinamaliza kuwotcha, natenga madisiki a MRI zanga zonse. Anthu aakazi amafunsidwanso ngati ali oyembekezera kapena akuyamwitsa. Amene akubayidwa FDG amayezedwa shuga wa m'magazi kaye, kenaka amagonekedwa m'chipinda cha mdima pang'ono, osalankhula, osawerenga, osagwira foni, chifukwa mbali ya ubongo imene ikugwira ntchito imakoka shuga wambiri. Ine zimenezo sizinandikhudze.

Anandiika kapaipi kakang'ono pamtsempha wa padzanja n'kundigoneka pa bedi lopapatiza, mutu m'kachotengera, lamba wofewa pachipumi. Poyamba anajambula CT yaifupi, imene imathandiza kompyuta kuwerengera cheza chomwe chigaza chimatchinga. Kenaka mnyamata uja anabwera ndi jakisoni wovekedwa chitsulo cholemera. Ndinaona kuti akugwira mwachangu n'kubwerera m'mbuyo, ndipo ndinaseka ndekha kuti chimene iye akuchithawa ndi chimene akundithira m'thupi. Pambuyo pake ndinamvetsa: ine ndikulandira kamodzi, iye amagwira zimenezi tsiku ndi tsiku chaka chonse.

Sindinamve kanthu. Panalibe kutentha, panalibe chizungulire, kungozizira pang'ono m'dzanja. Amene munalowapo mu MRI mukudziwa phokoso lake logogoda ngati akukhoma malata m'mutu. PET ndi yachete, ndipo mphete yake ndi yaifupi ndi yotakasuka, moti mantha a malo othina sanandigwire. Chovuta ndi kusagwedezeka kwa mphindi 40. Kwa ine anayamba kujambula pomwe ankabaya, kuti aone mmene mankhwala akulowera ndi kutulukira mphindi ndi mphindi. Ena amabayidwa, n'kudikira mphindi 20, kenaka n'kujambulidwa mphindi 20. Mphuno inayamba kuyabwa cha pamphindi ya 10, monga zimachitira nthawi zonse ukaletsedwa kukanda. Ndinapirira powerenga mayina a ana a m'kalasi langa motsatira mmene amakhalira, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kubwereza.

Potuluka anandiuza kuti ndimwe madzi ambiri ndipo ndikodze pafupipafupi, popeza mankhwala ena amatuluka ndi mkodzo, komanso kuti mpaka madzulo ndisanyamule ana aang'ono kapena kukhala moyandikana kwambiri ndi mayi woyembekezera. Mwana wanga wamng'ono, wa zaka 4, anauzidwa ndi amayi ake kuti lero adadi sakunyamula chifukwa ali ndi mankhwala owala. Anazimitsa nyali ya pabalaza kuti aone, ndipo anakhumudwa kwambiri kuti sindikuwala. Masamu ake ndi osavuta: theka pa mphindi 110, theka la thekalo pa mphindi 110 zina, ndipo pakutha pa maola 18 chotsala chimakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000. Cheza chonse cha jakisoniyo ndi cha pakati pa 3 ndi 4 millisievert, womwe ndi muyezo wa cheza chimene thupi lalandira. Pa avareji munthu padziko amalandira pakati pa 2 ndi 3 pachaka kuchokera m'nthaka, mumpweya ndi kumwamba, asanapite n'komwe kuchipatala. Nditayerekeza ndi chimene mutu wanga unalandira pa maulendo 33 aja, ndinasiya kudandaula nazo.

Pamalo odikirira ndinacheza ndi anthu awiri amene anandionetsa kuti makina amodzi amafunsidwa mafunso osiyanasiyana. Mayi wina anali ndi meningioma, chotupa cha pa chikopa chokuta ubongo. Iwo ankabayidwa DOTATATE wokhala ndi gallium-68, amene amakakamira pa timalo tapadera topezeka pa maselo a chotupa chimenecho, kuti madokotala adziwe malire ake enieni asanawotche. Bambo wina anali asanachitidwe opaleshoni. Chotupa chawo chinali chotambalala ndipo sichinkayera pa MRI, ndiye ankafuna kupeza pamene chikudya kwambiri kuti akatape kanyama pamenepo, chifukwa mkati mwa chotupa chimodzi mumakhala mbali zofatsa ndi mbali zolusa, ndipo ukatapa pofatsa upereka dzina lolakwika. Ndinamvanso kuti kumene kulibe PET ena amagwiritsa ntchito makina ena ojambulira otchedwa SPECT, ndi mankhwala ngati thallium-201. Chithunzi chake sichikhala chakuthwa, koma funso lake ndi lomweli.

Zotsatira zinatuluka patatha masiku 4. Pakompyuta anali atasanjikiza zithunzi ziwiri, MRI pansi, PET pamwamba, yamitundumitundu. Mitunduyo ndi ya kompyuta chabe, kufiira kukuimira pamene mankhwala achuluka, kubiriwira ndi buluu kukuimira pamene achepa. Maso anga anathamangira pa kadontho kaja. Sipanali pofiira. Adokotala anafotokoza kuti sangodalira maso: amayeza kuchuluka kwa mankhwala pamalopo n'kuyerekeza ndi mbali yabwino ya ubongo, ndipo kwa ine kusiyana kunali kochepa. Anandionetsanso kamzere kochokera pa mphindi 40 zija. Chotupa cholusa kawirikawiri chimameza mwaphuma mphindi zoyambirira n'kuyamba kutaya, kamzere n'kukwera msanga kenaka n'kutsika. Kanga kankangokwera pang'onopang'ono. Atakhala pansi madokotala onse, wa opaleshoni, wowotcha, wa mankhwala a khansa ndi owerenga zithunzi, anagwirizana kuti zikuoneka kuti ndi bala la cheza. Ndipitirize temozolomide, MRI ina pakatha masabata 8.

Ndinafuna kudumpha, koma adokotala anakweza dzanja. "Bambo, ndati zikuoneka. Sindinati ndithu." Panthawiyo ndinaona ngati akundilanda chimwemwe. Lero ndimawalemekeza chifukwa cha mawu amenewo, ndipo dokotala amene angakuuzeni kuti PET siilakwitsa ndingamukayikire. Maso a PET ndi ofooka poyerekeza ndi a MRI, tinthu tochepera mamilimita pafupifupi 5 tikhoza kuwazemba. Zotupa zina zokula pang'onopang'ono sizimeza mankhwalawa n'komwe, choncho kusawala sikutanthauza kuti palibe. Mbali inayi, kutupa, chithupsa cha muubongo kapena khunyu yaposachedwa zikhoza kuwala popanda khansa. Ndipo nthawi zambiri pamalo amodzi pamakhala zonse ziwiri, bala ndi timaselo ta chotupa totsalira. Mawu omaliza amakhala a amene waika kanyama pa maikulosikopu. Chimene PET inandichitira n'chakuti inasuntha sikelo mokwanira kuti kudikira kukhale kwanzeru, osati kungotchova juga. Chikanawala mofiira, akanatsegula mutu, ndipo akanadziwa pomwe ayenera kulunjika.

Ndikanati ndiyambirenso, funso loyamba limene ndikanafunsa si lakuti makinawa ndi otani. Ndikanafunsa kuti, "Adokotala, mukufuna kuti chithunzichi chiyankhe chiyani, ndipo chikayankha uku kapena uko tidzasintha chiyani?" Ngati yankho ndi lakuti palibe chidzasinthe, palibe chifukwa chogonera pa bedi lija. Ndikanapemphanso kuti malangizo a kudya ndi a mankhwala andiuze pakamwa, pali munthu wina womvera nawo, chifukwa mutu wa munthu wamantha, umenenso wachitidwa opaleshoni, sugwira zonse. Ndipo lipoti lolembedwa ndi disiki ndikanazitenga tsiku lomwelo zatuluka, poti chithunzi chilichonse cha mawa chidzafunika kuyerekezedwa ndi cha dzulo.

Patatha masabata 8 kadontho kaja kanali chimodzimodzi. Patatha miyezi 3 ina kanali katachepa, ndipo m'mphepete mwake munayamba kuzimiririka. Chotupa changa ndi cha mtundu umene sulonjeza kuti wapita, choncho ndimajambulidwabe MRI miyezi ingapo iliyonse, ndipo usiku woti mawa ndi tsikulo tulo sindilipeza. Ndinabwerera m'kalasi, ngakhale masana ndimatopa msanga ndipo mayina ena amandithawa. Pepala lililonse lochokera kuchipatala akazi anga ndiwo amayamba kuliwerenga, kuyambira kuseri, ndipo madzulo aliwonse oti mawa tikupita amafunsa ali chiimire pakhomo la kukhitchini, "Abambo, ya mawayi ndi yodya kapena yosadya?"